Thumba la Che Haruna

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine si mlembi. Ndine mphunzitsi wa masamu kuno ku Balaka, ndipo kupatula makalata a ku ofesi ndi malipoti a ana, sindinalembepo chinthu choti anthu awerenge. Komanso nkhani imene ndasenzayi si yokamba pagulu. Kwathu munthu akapita kuchimbudzi timangoti wapita kuseri, ndipo palibe amafunsa kuti kuseriko zayenda bwanji. Choncho pena ndikatchula chinthu ndi dzina lake, mundikhululukire. Ndayesetsa kuzungulira, koma pali malo ena pamene kuzungulira kukanasanduka kunama. Mwini nkhaniyi ndi achimwene anga, Che Haruna. Ndinawapempha kawiri, masiku osiyana, ngati ndingailembe. Ulendo woyamba anangoseka. Wachiwiri anati, "Lemba, koma usandikometse, nawenso usadzikometse." Mng'ono wawo amene mudzamumve akuyankha foni m'nkhaniyi ndi ineyo. Zimene sindinaone ndi maso ndinazimva kwa iwo eni ndi kwa apongozi awo, ndipo pamene awiriwa anasiyana mawu, ndatsata achimwene.

Che Haruna anabadwira kufupi ndi Nayuchi, kumene njanji imalowera ku Mozambiki. Sukulu anasiyira sitandade folo, n'kukwera njinga. Ntchito yawo, kuyambira ali mnyamata mpaka imvi kuyamba kuoneka m'ndevu, inali yopikula nsomba padooko ku Chiuta, makumba ndi milamba yowamba, n'kuzimangirira m'dengu pakaliyala kukagulitsa m'misika ya kwa Kawinga. Njinga yomweyo ndiyo inaphunzitsa mng'ono wawo mpaka kufika ku koleji.

Chimene ankadziwika nacho kwambiri sichinali nsombazo ayi, koma ukhondo. Anthu ankati ndi wansomba yekhayo amene samveka fungo la nsomba. Pansi pa chishalo ankamangirira kachidutswa ka sopo m'kansanza, ndipo akangotha kugulitsa ankasamba m'manja mpaka m'zigongono asanapatse munthu moni. Anzawo padooko anawapatsa dzina loti Che Sopo, iwo osakwiya nalo. Lachisanu ankavala mkanjo woyera mbee, n'kukaima mzere woyamba mumzikiti.

Atakwatira a Zainab anasamukira kumudzi kwa akaziwo, kwa Kawinga, monga umo achitira mkamwini aliyense kwathu kuno. Anaumba njerwa okha, namanga nyumba ya malata pamalo a eni ake, nabzala mango asanu kuseri. Zaka makumi awiri ndi zitatu zinatha ali pamenepo. Koma mkamwini, ngakhale mango ake akule bwanji, amadziwa mumtima kuti dothi limene mizu yalowamo si lake.

Mapazi makumi atatu kuchoka pakhomo pawo panali nyumba ya apongozi awo, Abiti Sumani, mayi a Zainab. Anali mayi wamfupi, wogulitsa tomato ndi mchere pakamsika ka m'mudzimo, wa lilime lakuthwa moti ogula ankayamba aganiza kaye asananene kuti tomato wachepa. Analinso mmodzi wa amayi osambitsa maliro a akazi m'mudzimo. Pa zaka zonsezo, iwo ndi Che Haruna anali asanakhalepo pamphasa imodzi, kapena kuyang'anana kumaso. Akakumana m'njira, mmodzi ankapatukira m'munda wa chinangwa kudikira mnzake adutse. Moni ankapatsana patali, aliyense atapotolera nkhope kumbali. Mawu akakhalapo, ankadzera mwa a Zainab kapena mwa ana. Ndikudziwa kuti masiku ano ambiri anasiya zimenezi, ena mpaka amadyera mbale imodzi ndi apongozi. Koma awiriwa anazisunga, ndipo ndikuganiza kuti aliyense ankanyadira kuti sadzakhala woyamba kuzitaya.

Matenda anabwera mu Julaye. Akuchokera kunyanja, mimba inawagwira panjira. Pofika kunyumba inali itatupa ngati ng'oma, mpweya osatuluka, kuseri osapita. Anapirira masiku awiri, lachitatu anawanyamula. Kuchipatala anapeza kuti matumbo apotana, ndipo mbali ina yafa kale. Anawachita opaleshoni tsiku lomwelo.

Atatsitsimuka, dzanja lawo linakhudza pepala la pulasitiki pamimba, kumanzere, m'munsi pang'ono mwa mchombo. Dokotala anafotokoza kuti adula mbali yakufayo, ndipo nsonga ya thumbo aitulutsira pamimba, kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo n'kumagwera m'thumba lomata pakhungu. Pakapita miyezi, thupi likalimba, adzalumikizanso. Che Haruna anamva mawu onsewo, koma limene linakhala m'khutu linali limodzi: chimbudzi, pamimba, m'kati mwa malaya.

Namwino anabwera kudzawaphunzitsa kasamalidwe kake. A Zainab anasendera pafupi, maso ali tcheru. Che Haruna anayang'ana kudenga.

"Bambo, mimbayi ndi yanu," anatero namwinoyo. "Tayang'anani kuno muone mmene ndikuchitira."

"Amayiwa aona," anayankha.

"Nanga tsiku limene amayiwa adzachokepo?"

"Sachokapo."

Atabwerera kumudzi, ntchitoyo inakhala ya a Zainab. Thumbalo limakhala ndi mchira kumunsi, wotseka ndi chopanira. Likafika pafupi ndi theka, ankalowa onse awiri kubafa ya udzu kuseri kwa nyumba, a Zainab n'kumasula chopaniracho, kukhuthulira m'kachidebe kake kapadera, kutsuka mchirawo ndi madzi a m'botolo, kupukuta, kupinda, n'kupananso. Pakapita masiku atatu kapena anayi ankamatula lonse n'kuika latsopano. A Zainab ali ndi chizolowezi cholankhula okha akamagwira ntchito, ndiye ankatchula chilichonse motsitsa mawu monga anawaphunzitsira namwino: madzi ofunda, sopo iyayi, kuumitsa, kuyeza, kudula. Nthawi yonseyo amuna awo ankaima chilili, manja atagwira malaya m'mwamba, maso ali pa nthambi za mango. Miyezi itatu inatha asanaonepo chimene chinali pamimba pawo.

Kumudzi anangolengeza kuti inali opaleshoni ya m'mimba. Njinga anaitsamiritsa kuchipinda. Kumzikiti anasiya kupita, poti anadziweruza okha kuti munthu wonyamula najisi, zodetsa, pathupi pake sangaime pamzere ndi anthu otawaza, osamba kale mokonzekera pemphero. Sanafunse shehe aliyense. Kufunsa kukanafuna kufotokoza. Alendo akabwera kudzawazonda ankakhala chapatali, mkono utatsamira pamimba, chifukwa thumbalo nthawi zina limalira lokha mpweya ukamatuluka, osapempha chilolezo kwa mwini wake.

Ndipo anawalumbiritsa akazi awo chinthu chimodzi.

"Ena onse atha kudziwa, ndidzapirira. Koma amayi ako iyayi. Tsiku limene adzadziwe kuti mkamwini wawo amadzithandizira m'malaya, ine ndidzakwera njinga kubwerera ku Nayuchi. Sindingamadutse pabwalo lawo akudziwa zimenezo."

"Mukapita ku Nayuchi akakusamaleni ndani? Kunatsala ndani kumeneko?"

"Ndikafere konko."

A Zainab anawadziwa amuna awo kuti sanena zinthu kawiri. Analumbira.

Mu Okutobala, dzuwa litafika poswa mtengo, kunabwera uthenga kuchokera ku Ulongwe. Mwana wawo woyamba, Jamila, amene anakwatiwa kumeneko, anali woyembekezera mimba yoyamba, ndipo achipatala anamuuza kuti akadikirire pafupi chifukwa miyendo inali itatupa. Mwana wamkazi pa nthawi ngati imeneyo amafuna mayi ake. Ana enawo anali kusukulu zogonera konko. A Zainab anasowa pogwira.

Anaimbira foni mlamu wawo ku Balaka, mng'ono wa Che Haruna, amene anali yekhayo wodziwa za thumbalo. Iyeyu anali atawazonda kamodzi kuchipatala, ndipo tsikulo anafika pa nthawi imene namwino ankakhuthula. Anatuluka panja kukaimba foni imene panalibe womuimbira.

"Alamu, masiku atatu okha," anatero a Zainab. "Ndikuonetsani mmene timachitira, si zovuta."

"Pepani alamu, sabata ino tili ndi mayeso. Ahedi sangandilole."

Mayesowo anali a sabata yotsatira. Che Haruna, amene ankamva zonse ali pambali, anatenga foniyo n'kunena mofatsa kuti, "Mubarak, usavutike, phunzitsa ana. Ine ndili bwino." Atatero anauza akazi awo kuti anyamuke, adzisamalira okha.

A Zainab anawaikira thumba latsopano m'mawa wa tsiku lonyamukalo. M'chitini anawasiyira matumba atatu, amene anali omaliza pa amene anapatsidwa kuchipatala mwezi umenewo, pamodzi ndi sizasi, tinsalu toyera, ndi kakatoni kamene anakaboola pakati molingana ndi kukula kwa thumbo lotulukalo, koyezera podula. Anawapempha amayi awo kuti aziwaphikira. Kenako anakwera kabaza.

Atatsala okha, Che Haruna anaganiza monga munthu wa dengu: dengu limene sunaikemo kanthu silidzadza. Anali atamanga Ramadhani, kusala kudya usana wonse, zaka zoposa makumi atatu; masiku atatu n'chiyani? Abiti Sumani atabweretsa mpunga wa nandolo masana, anauika pakhonde, naomba m'manja kawiri, nabwerera. Che Haruna anadikira kuti mapazi azilale, natenga mbaleyo, nakhuthulira nkhuku kuseri. Madzi ankangonyowetsa kukhosi.

Koma mimba si dengu. Yopanda chakudya inayamba kutulutsa mpweya ndi zamadzimadzi, thumba n'kumafufuma ngati chibaluni. Anayenera kukhuthula basi. Analowa kubafa, natembenuzira nkhope kumbali, nagwira ntchitoyo ndi dzanja lamanzere lokha. Lamanja analibisa kumbuyo. Kuyambira ali mwana anaphunzitsidwa kuti lamanzere ndi la kuseri, lamanja ndi lodyera ndi lopatsira moni, ndipo sanaone chifukwa choti asinthe pa ukalamba.

Tsiku lachiwiri kunatentha koopsa. Thukuta linalowa pansi pa chomatira, m'mphepete mwa thumba n'kuyamba kutukuka. Pofika masana linali litayamba kudontha. Anatenga chitini chija. Ndi dzanja limodzi, maso ali kumwamba, anamatula lakalelo mokoka, khungu n'kumva ngati lasendeka. Kakatoni koyezera sanakagwiritse ntchito, poti kuyeza kumafuna kuona. Anapana thumba latsopano ndi mawondo, nadula bowo mongoganizira, lalikulu kuti asaphonye. Pakhungu pamene pankawawa anapakapo mafuta odzola, poganiza kuti akuchita bwino. Thumbalo linakana kumata. Analikanikiza, linagwa. Anatenga lachiwiri, napukuta mafutawo ndi malaya, nalimata mokhota. Linagwira mpaka m'mawa, koma chifukwa bowo linali lalikulu, zotulukazo zinkakhala pakhungu, n'kumalidya pang'onopang'ono.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, atagona pamphasa m'nyumba chifukwa cha kufooka, anamva kutentha kukuyenderera m'nthiti mpaka kumsana. Sanafunike kuyang'ana. Fungo linawauza. Malaya, nsalu, mphasa, zonse.

Anakhala tsonga kwa kanthawi, osaganiza kanthu. Kenako anaganiza za mphasayo. Kuichapa kunafuna kuiyanika, ndipo poyanika pake panali poonekera kukhomo kwa apongozi. Anaganiza za thumba limodzi lotsalalo, ndi masiku amene akazi awo akanachedwa ngati mwana sabadwa msanga. Anaona kuti chimene ankachiopa chafika. Kunali bwino achoke asanadziwike, kusiyana n'kuchoka atadziwika.

Anadzimanga chinsalu pamimba, navala malaya ena pamwamba. M'dengu la nsomba lija anaikamo mkanjo wawo, bulangete, chitini, ndi chiphaso cha kuchipatala. Anatulutsira njinga kukhomo la kuseri, nayamba kupopa tayala limene linali litaphwa pa miyezi itatu ija. Anapopa kasanu, kasanu ndi kamodzi. Mitengo ya mango inayamba kuzungulira. Anagwira chishalo kuti atsamire, njinga n'kupita nawo pansi, khophoro! Dengu linagubuduka, chitini n'kukalira pamwala.

Anakwawa mpaka kukhoma la bafa, natsamira. Kenako anamva chimene sanafune kumva: mapazi aafupi, ofulumira, akuchokera kunyumba ya apongozi.

Mapaziwo anaima pangodya ya nyumba. Kenako chingwe choyanikira zovala, chimene chinachoka pangodyapo kukafika pamtengo wa mango, chinagwedezeka, ndipo nsalu yaikulu ya maluwa obiriwira inatambasuka pamenepo, n'kutsika mpaka pansi. Kuseri kwake munthu anakhala pansi, nausa moyo.

"Iwe nsalu," anatero mawu a Abiti Sumani, "pakhomo pano palibe mwana woti ndimutume, ndiye ndikutuma iweyo. Kawafunse bambo a Jamila ngati athyoka."

Che Haruna anayesa kukoka malaya kuti aphimbe pamimba. Pakamwa panali pouma.

"Nsalu iwe," anayankha motsitsa, "kawauze amayi kuti sindinathyoke. Ndimangoyesa njinga."

"Kawauze kuti njinga yoyesa sakweza bulangete. Uwauzenso kuti nkhuku zawo zanenepa masiku atatu ano, zikuthokoza mpunga wanga."

Abiti Sumani anapitiriza.

"Uwafunse: zomata zija zatsala zingati?"

Che Haruna anayang'ana nsaluyo. Pansi pake pankaoneka zidendene ziwiri zong'aluka. Mwini wake anali atakhala chofulatira.

"Zainab anakuuzani," anatero, kuiwala kutuma nsalu.

"Mwana wanga sanandiuze kanthu, musamunamizire. Ine ndasambitsa maliro m'mudzi muno zaka makumi awiri, mphuno yangayi siifuna womasulira. Komanso bafa yanuyi ndi ya udzu, si ya simenti, ndipo mkazi wanu amalankhula yekha ngati wailesi. Madzi ofunda, sopo iyayi, kuumitsa, kuyeza, kudula. Miyezi itatu ndikumva nyimbo imeneyi ndikusankha tomato kuseri kuno. Ndikhoza kuiimba ndili m'tulo. Nsalu, wafunsa kapena sunafunse? Zatsala zingati?"

"Chimodzi."

"Ziwiri zija mwadyetsanso nkhuku?"

Abiti Sumani anadzuka, napita. Che Haruna anaganiza zoimirira kuti athawe nthawi yomweyo, koma miyendo inakana. Posakhalitsa mapazi aja anabwerera. Pansi pa nsalu panatulukira kapu ya madzi a mchere ndi shuga, kenako beseni la madzi ofunda, kenako chitini chija chitatoledwa, ndipo pomalizira kagalasi kakang'ono ka pulasitiki yofiira m'mbali, kamene amayi amadziyang'anira pomanga duku.

"Ayambe amwa. Akatha avule chinsanza adzimangacho, atsamiritse galasilo pamwala, aone."

"Amayi, zimenezo sindingathe."

"Simungathe chiyani?"

"Kuyang'ana. Sindinayang'anepo."



"Ndiye mukufuna ndibwere ndidzayang'ane ine? Nditero ndithu. Ndichotsa nsaluyi, ulemu wa zaka makumi awiri ndi zitatu uthere pomwepa, ndikuoneni mimba ngati khanda. Sankhani: maso anu kapena anga."

Che Haruna anamwa madziwo. Anamasula chinsalucho, namatula thumba lokhotalo pang'onopang'ono monga ankawauzira mawu a kuseri, akunyowetsa m'mphepete ndi kansalu. Anatsamiritsa galasi pamwala. Anatseka maso, nawatsegula.

Ankayembekeza chinthu chowola, chakuda, chonga bala la nyama yakufa. Chimene anaona chinali kanthu kofiira psuu, konyowa, kozungulira, kosaposa dzira la nkhuku, kofanana ndi m'kamwa mwa mwana akamayasamula. Kanasuntha pang'ono kokha, ngati kakupuma. Choipa chinali khungu lozungulira, limene linali litafiira ndi kusupuka chifukwa cha ntchito ya dzanja lawo lomwe. Anayang'ana nthawi yaitali. Misozi inatsika yokha, koma anaonetsetsa kuti isamveke.

"Mwaona?"

"Ndaona."

"Chakulumani?"

"Iyayi."

"Tsukani tsono. Madzi okha. Mozungulira, mosakhula. Kakatuluka timagazi pang'ono musaope, mkazi wanu amati n'chimodzimodzi usinini." Anamvetsera kulira kwa madzi m'beseni. "Nsalu, tandiuza, bwanji ndikumva ngati dzanja likugwira ntchito ndi limodzi?"

"Lamanjali ndi lodyera, amayi."

Abiti Sumani anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kutsokomola.

"Lodyera! Munthu wosadya masiku atatu akusunga dzanja lodyera! Dzanja limenelo latumbula milamba zaka makumi atatu, matumbo a nsomba za eni ake, lero likunyansidwa ndi thumbo la mwini wake? Ine posambitsa maliro ndimagwira ndi awiri, ndikatha ndimasamba, n'kukadya. Sopo anakutherani kodi, Che Sopo?"

Aka kanali koyamba kuti dzina limenelo lituluke pakamwa pa apongozi. Che Haruna anatulutsa dzanja lamanja kumbuyo kumene linali. Analiviika m'beseni.

Kuchokera pamenepo ntchito inayenda, ngakhale mochedwa. Anatsuka, napukuta mosisita pang'ono ndi kansalu kouma, nakhala kaye kuti mphepo iumitse khungu. Mafuta odzola apongozi anawaletsa: "Mukufuna kumata kapena kukazinga?" Anaika kakatoni pamwamba pa kathumboko akuyang'ana pagalasi, naona kuti kakukwana bwino. Anakaika pa thumba lomalizalo, nalemba mzere ndi khala, nadula motsata mzerewo, sizasi ili kudzanja lamanja, thumba kumanzere. Anayendetsa chala m'mphepete mwa bowolo kuti pasakhale pakuthwa. Anafunditsa chomatiracho pakati pa zikhatho, nachotsa pepala lake, nawongola khungu la pamimba ndi dzanja limodzi, n'kumata ndi linalo kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba. Anatseka mchira ndi chopanira.

"Tsopano ikanipo chikhatho, mukanikize. Musachotse mpaka nditatha kusenda chinangwa ichi."

Anakhala choncho, wina kuno wina uko, mpeni ukumveka kuseri kwa nsalu. Nkhuku zinabwera kudzafufuza m'dengu logubuduka lija.

"Nsalu," anatero Abiti Sumani, mawu atatsika tsopano, "uwafunse bambo a Jamila. Ku Nayuchi akupitako, thumbalo alisiya kuno?"

"Amayi, ine ndinanena kuti mukadzadziwa ndidzachoka. Ndidzayenda bwanji pabwalo panu?"

"Mmene mwakhala mukuyendera kuyambira Julaye. Ndimadziwa, inu mukudutsa, ine n'kupatukira m'chinangwa monga kale. Munaona nditasintha njira? Mkamwini timam'thamangitsa akakhala waulesi, kapena womenya mkazi, kapena wakuba mbuzi. Za matumbo sindinamvepo. Mukachoka, anthu adzati Abiti Sumani anapirikitsa mkamwini wodwala mwana wake ali kuchipatala. Manyazi anuwo mukufuna muwasenzetse ine? Komanso mango awa ayamba kupsa, ine msinkhu wanga mukuudziwa. Andithyolere ndani?"

Che Haruna anayang'ana njinga ili gone pansi, tayala lakumbuyo litaphwanso. Anayang'ana chikhatho chawo chamanja chili pamimba. Pansi pake pankamveka kufunda, ndipo panalibe chodontha.

"Nsalu," anatero, "kawauze amayi kuti mphasa ya m'nyumba yaonongeka. Ndiichapa ndekha. Koma poyanika pake ndi poonekera kwawo."

"Kawauze kuti ine masana ano maso anga ali pa tomato."

Chinangwa chitapsa, chinadzera pansi pa nsalu pomwepo, ndi tiyi. Che Haruna anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, nadya. Madzulo asanafike anatulutsa mkanjo ndi bulangete m'dengu, nabwezera m'nyumba. M'mawa mwake anakwera kabaza okha kupita kuchipatala kukaonetsa khungu lija ndi kukapempha matumba ena, ndipo kwa nthawi yoyamba anafotokoza ndi pakamwa pawo chimene chinawavuta.

A Zainab anabwerera patatha sabata, atasiya Jamila ndi mwana wamwamuna. Atatenga chitini kuti alowe kubafa, amuna awo anawalanda n'kuti, "Khala, upume." Patapita milungu iwiri Che Haruna anapita kwa shehe, nafotokoza zonse ali chozolika. Shehe anawauza kuti munthu wa vuto losatha ngati limenelo saletsedwa kuswali, kupemphera ndi Asilamu anzake: akhuthule, adziyeretse, atawaze pa swala iliyonse, aime ndi anzake. Anabwerera kumzikiti, ngakhale mpaka lero amaima mzere womaliza, pafupi ndi khomo. Ndi apongozi awo akupatukiranabe m'chinangwa. Nsalu ija sinatumidwenso.

Apa ndiye pothera zimene ndinauzidwa. Zotsalazi ndi zanga, ndipo ndi zochepa. Chichitikireni zimenezi ndapitako kawiri. Maulendo onse awiri, achimwene atatenga chitini chawo kulowera kubafa, ine ndinapeza chifukwa chokaonera munda. Sanandidzudzule, ndipo ndikanakonda akanatero. Ndalemba masamba onsewa za chinthu chimene ineyo sindinachionebe ndi maso anga, ndipo polemba ndazindikira kuti kulemba n'kosavuta kusiyana n'kugwira beseni.

Achipatala awauza kuti opaleshoni yolumikiza matumbo ikhoza kuchitika mu Febuluwale, ndipo ku wodi ya amuna kudzafunika wowadikirira. Dzulo ndapereka kalata kwa ahedi yopempha masiku amenewo, ndipo chifukwa chake ndachilemba momveka, osazungulira. Loweruka lino ndikwera minibasi ya m'mawa. Ndikawapempha achimwene kuti akadzatenga chitini, ndilowe nawo, andiphunzitse.